Mbewu ya kamarawu inali ndi chikalata koma dziwe lafa: poyambira kufufuza

Ku Tete kulibe nyanja ya mchere. Kamarawu amene amagulitsidwa m'misika ya mumzinda wa Tete ndi ku Moatize amabwera pa galimoto kuchokera kugombe, wina wouma m'matumba, wina wa mu firiji. Koma mafunso a matenda ake anafika kale kuno. Amafunsa achinyamata ophunzira zoweta nsomba amene mwina ntchito adzakaipeza ku Zambézia kapena ku Sofala, amafunsanso alimi a m'chigwa cha Zambezi amene ali ndi maiwe a pende ndipo akuganiza zoonjezeramo kamarawu wa m'madzi opanda mchere. Funso lobwerabwera ndi ili: mbewu, kutanthauza tiana ta kamarawu toika m'dziwe, inagulidwa ndi chikalata chonena kuti ilibe matenda, mwinanso kuti ndi ya mtundu wopirira, nanga zatheka bwanji kuti dziwe lonse lithe pa sabata imodzi?

Nthawi zambiri chikalatacho sichinaname. Chikalata chilichonse cha mbewu chimalonjeza kanthu kamodzi kochepa, ndipo wogula amawerengamo zambiri zimene sizinalembedwe. Tiyeni titsate vuto ndi vuto.

Mdani wamkulu: matenda a mawanga oyera

Kachilombo (vairasi) kobweretsa matendawa, kotchedwa WSSV, kanayamba kupha kamarawu ku Taiwan ndi ku China cha m'ma 1992 ndi 1993, kanasakaza maiwe a ku Ecuador mu 1999, ndipo mu Seputembala 2011 kanapezeka pa famu ya kamarawu pafupi ndi Quelimane. Chaka chotsatira, mu 2012, kanatulukira ku Madagascar. Ulimi wa kamarawu kuno ku Mozambique unagwa pansi kuyambira pamenepo. Akatswiri a ku University of Arizona atayerekeza DNA ya kachilombo ka ku Mozambique, ka ku Madagascar ndi ka ku Saudi Arabia anapeza kuti n'tapachibale, tosiyana ndi ta ku Asia. Kachilomboka kanapezekanso mu kamarawu ndi nkhanu za m'nyanja momwemo, choncho pagombe lathu sikadzachoka.

Kamarawu wodwala amachepetsa kudya mwadzidzidzi, kenako n'kusiyiratu. Amasambira mofooka m'mphepete mwa dziwe, thupi limafiirira, chigoba chimamasuka, ndipo mkati mwa chigoba cha kumutu mumaoneka timawanga toyera ta mamilimita 0.5 mpaka 2. Pakati pa masiku 3 ndi 10 dziwe likhoza kutha lonse. Munthu kachilomboka sikamudwalitsa.

Mawanga okha si umboni. Mabakiteriya ena amabweretsa mawanga ofanana nawo, madzi othiridwa laimu wambiri nawonso amatero, koma kamarawu wa mawanga oterewa amadyabe, ndipo akafundula mawangawo amapita ndi chigoba chakale. Komanso kachilombo kakalowa mwaukali, kamarawu amafa mawanga asanatuluke. Chotsimikiza ndi kuyeza kwa PCR ku labotale, kumene amafufuza kachidutswa ka DNA ya kachilombo m'thupi la nyamayo.

Vuto loyamba: mbewu inali ya SPF, koma yadwala

SPF ndi mbewu imene makolo ake akhala m'malo otsekedwa, akuyezedwa mobwerezabwereza kwa zaka zosachepera ziwiri, osapezeka ndi matenda amene alembedwa pa mndandanda. Zathera pomwepo. Si chibadwa, ndipo siimatanthauza kuti nyamayo ndi yolimba. Ndi mbiri ya malo amene inachokera, ndipo mbiriyo imatha tsiku limene thumba latsegulidwa pa dziwe lanu. Mitundu ina ya SPF imafa msanga kuposa kamarawu wa m'nyanja, chifukwa mibadwo yake yasankhidwa poona kukula kokha, isanakumanepo ndi kachilombo.

Ndiye mbewu yotere ikadwala, fufuzani khomo limene kachilombo kalowera. Makomo ake amadziwika.

Madzi ndiwo oyamba. Tiana ta nkhanu ndi ta kamarawu wa kutchire timalowa ndi madzi, tosaoneka bwino ndi maso. Madzi adutse pa sefa ya mabowo a ma micron 250 mpaka 300 (mamilimita 0.25 mpaka 0.3), alowe kaye m'dziwe losungira, athiridwe klorini pa mlingo wa 30 ppm. Mlingo wa 1 ppm ndi galamu imodzi pa malita 1,000. Klorini wa ufa amene mphamvu yake ndi 65 peresenti amafunika magalamu 46 pa malita 1,000 kuti afike pa 30 ppm, kutanthauza makilogalamu 46 pa dziwe la masikweya mita 1,000 lakuya mita imodzi. Ambiri amathira magalamu 30 poiwala kuti ufawo si klorini yekhayekha, ndipo ufa wokhalitsa padzuwa umakhala utaphwa kale. Madzi a matope amadya klorini asanagwire ntchito, choncho alekeni adikhe kaye. Mukathira, dikirani masiku angapo ndipo yezani kuti klorini watheratu musanawalowetse kwa kamarawu.

Nkhanu zimayenda pamtunda usiku. Mpanda wa pulasitiki wosalala wotalika masentimita 30 mpaka 50, wokwiriridwa pang'ono m'nthaka kuzungulira dziwe lonse, umazitsekereza. Mbalame zimanyamula kamarawu wodwala pa dziwe lina n'kudzagwetsa pa lina. Zingwe zokokedwa pamwamba pa madzi motalikirana pang'ono zimachepetsa zimenezi.

Khomo limene limaiwalika, ndipo kuno ku Tete ndilo lalikulu, ndi kamarawu wa pamsika. Firiji siipha WSSV, imangomusunga. Mitu ndi zigoba za kamarawu wosaphika zikatayidwa pafupi ndi dziwe, kapena zikagwiritsidwa ntchito ngati nyambo, kapena madzi otsukira akatsikira m'ngalande yopita ku dziwe, kachilombo ka kugombe kafika pakati pa dziko. Moto ndiwo umakapha: pa madigiri 60 kamafa isanathe mphindi imodzi. Zotsala za kukhitchini ziphikidwe kapena zikwiriridwe kutali. Kumalo oswetsera mbewu, khomo lofanana ndi limeneli ndi chakudya cha makolo: nyongolotsi za m'matope a kunyanja ndi nkhanu zosaphika zimanenepetsa mazira, koma zalowetsa matenda m'malo ambiri amene anali oyera.

Vuto lachiwiri: PCR inati mulibe, koma patapita milungu itatu zinayamba kufa

Apa pali zifukwa zingapo, ndipo zambiri zimachitika sampulo isanafike ku labotale.

Chiwerengero. Mukatenga tiana 10 tokha pa thanki ya tiana 100,000, mudzakhala ndi mwayi wa 95 pa 100 wopeza kachilombo pokhapokha ngati kagwira pafupifupi kamodzi pa tiana tinayi tilitonse. Kuti mukhale ndi mwayi wa 95 pa 100 wopeza matenda amene agwira 5 peresenti ya mbewu, pamafunika tiana 60. Kuti mupeze amene agwira 2 peresenti, pamafunika 150. Kachilombo ka mu mbewu kamayamba ndi ochepa chonchi, kenako kamafalikira chifukwa kamarawu amadya mnzake wakufa.

Kusankha. Wogulitsa akakutapirani tiana ta pamwamba, tosambira mwamphamvu, wakusankhirani tathanzi. Tengani nokha tiana mazana angapo m'beseni, muthire formalin pa mlingo wa 100 ppm, ndiye kuti mililita imodzi pa malita 10, mpweya ukulowa, kwa mphindi 30. Kenako zungulizani madzi ndi dzanja. Tofooka ndi takufa timasonkhana pakati pa beseni, ndipo sampulo ichokere pamenepo. Ngati tofookato tachuluka, mbewuyo isiyeni ngakhale labotale isanayankhe.

Kutentha. Madzi akafika madigiri 32 kapena 33, WSSV imasiya kuchulukana bwino, ndipo kamarawu wotenga kale kachilombo akhoza kuoneka wabwinobwino, kachilombo kali kochepa moti PCR sikukapeza. Malo oswetsera ambiri amasunga tiana pa madzi ofunda. Njira yake ndi kupatula gulu loyezetsa, kulisunga masiku awiri pa madzi ozizirirapo, a madigiri a m'ma 24, kenako n'kutenga sampulo.

Kasungidwe. Sampulo ya PCR imaikidwa mu ethanol ya 95 peresenti, magawo 10 a ethanol pa gawo limodzi la nyama. Spiriti wofiirira wa mu shopu kapena kachasu sizisunga DNA bwino. Nyama ikachuluka m'kabotolo, madzi ake amasukulutsa ethanol ndipo imaola pa ulendo wa kutentha kwa kuno. Kwa kamarawu wamkulu, dulani timiyendo tosambirira ta kumimba kapena ziwalo zopumira za m'mbali mwa mutu, ndipo musaphatikize nyama zoposa zisanu m'botolo limodzi. Kwa tiana tokulirapo, chotsani maso: muli zinthu zolepheretsa PCR kugwira ntchito, ndipo zotsatira zimabwera zonena kuti mulibe pamene muli. Lumo kapena sizasi itenthedwe pamoto pakati pa sampulo ina ndi ina, apo ayi thanki yoyera idzaoneka yodwala.

Chomaliza n'chakuti PCR imaona kachilombo kamene yafunsidwa kokha. Chikalata cholembedwa WSSV sichikunena kanthu za TSV (kachilombo ka matenda a Taura), za kachilombo ka mutu wachikasu kamene kanayambira ku Thailand mu 1990, kapena za IMNV yowononga mnofu imene inayambira ku Brazil mu 2002. Tizilombo titatu timeneti chibadwa chake chili mu RNA, osati mu DNA ngati WSSV, ndipo timafuna kuyeza kwina kotchedwa RT-PCR. Werengani mndandanda wa pa chikalata, tsiku loyezera ndi nambala ya thanki. Chikalata cha mwezi watha ndi cha mbewu ina.

Amene amatenga makolo m'nyanja, monga mmene ankachitira ndi kamarawu wa mizere wa mtundu wa Penaeus monodon pagombe lathu, ayeze wamkazi akatha kuikira mazira, osati asanaikire. Kuikira kumamufooketsa ndipo kachilombo kobisala kamachuluka n'kuonekera. Wamkazi aliyense aikire m'thanki yakeyake, ndipo tiana take tisaphatikizidwe ndi tina zotsatira zisanabwere. Kuikiritsa akazi 10 m'thanki imodzi n'kuika mbewu yonse m'manja mwa mmodzi wodwala.

Vuto lachitatu: PCR yapeza IHHNV, koma kamarawu akukula bwino

Ili ndi la ku dera lathu makamaka. IHHNV ndi kachilombo kamene kamapinimbiritsa kamarawu ndi kupinda kaminga ka pamphumi. Koma P. monodon wa ku East Africa, ku Madagascar ndi ku Australia ali ndi zidutswa za DNA ya kachilomboka zimene zinalowa kalekale mu DNA yakeyake ndipo amangotengera kwa makolo. Sizipatsirana, sizidwalitsa. Labotale ikagwiritsa ntchito zoyezera za 389F/R, zimagwira zidutswazi n'kunena kuti muli kachilombo. Zoyezera za 309F/R ndi zimene zinapangidwa kuti zigwire mitundu yopatsirana. Musanaphe makolo okwera mtengo chifukwa cha IHHNV, funsani labotale kuti inayeza ndi ziti, ndipo ibwereze.

Vuto lachinayi: mtundu wopirira wafa, kapena sukukula

SPR ndi mtundu umene wasankhidwa kuti usagwidwe msanga ndi kachilombo kena kake. SPT ndi umene umagwidwa koma osafa kwambiri. Apa ndiye pali chibadwa, ndipo chimapita kwa ana. Koma kupirira kumakhala kwa kachilombo kamodzi. Mtundu wopirira TSV ukakumana ndi mawanga oyera umafa ngati wina aliyense.

Mbiri ya tizilombo tiwiri timeneti imasonyeza zimene kusankha mbewu kungathe ndi zimene sikungathe. TSV inaonekera ku mtsinje wa Taura ku Ecuador mu 1992. Ku Oceanic Institute ku Hawaii anayamba kusankha mabanja a kamarawu woyera wa Penaeus vannamei amene amapulumuka, ndipo pa mibadwo yochepa panapezeka mitundu imene TSV siipha kwenikweni. Ndi WSSV zinavuta. Kafukufuku wa ku Colombia wa m'ma 2005 anapeza kuti gawo la kupirira limene ana amatengera kwa makolo linali laling'ono, losakwana 10 peresenti ya kusiyana konse, ndiponso kuti mabanja okula msanga ndi amene ankafa msanga. N'chifukwa chake mlimi wogula mtundu wopirira mawanga oyera asadabwe ukamachedwa kufika pa sikelo.

Kusankha kwabwino kumayenda chonchi. Mabanja ambiri, wamwamuna mmodzi ndi wamkazi mmodzi banja lililonse, amaleredwa m'mathanki osiyana mpaka tiana tifike galamu imodzi kapena awiri. Kenako amatibaya kautoto ka mpira kumchira, mtundu wa utoto ndi malo ake kukhala chizindikiro cha banja. Banja lililonse limagawidwa patatu: ena amatsala m'nyumba yoyera, ena amapita ku maiwe kukayesedwa kukula, ena amapita ku nyumba yakutali yotsekedwa kukapatsidwa kachilombo dala. Opita kumeneko sabweranso, ngakhale apulumuke. Amene amakhala makolo a m'badwo wotsatira ndi abale awo otsala m'nyumba yoyera, a m'mabanja amene achita bwino. Kwa vannamei m'badwo umodzi umatenga pafupifupi chaka.

Kufooka kwa njirayi n'kwakuti imasiyanitsa mabanja koma siisiyanitsa abale a m'banja limodzi, pamene theka la kusiyana kwa chibadwa lili pakati pa abalewo. Apa ndi pamene kuwerenga DNA kwathandiza. Amawerenga zizindikiro masauzande ambiri pa DNA ya amene anayesedwa ndi kachilombo, kompyuta n'kuphunzira kuti zizindikiro ziti zimayenda ndi kupulumuka, kenako amadula kamwendo kamodzi ka m'bale wa m'nyumba yoyera n'kumupatsa malikisi asanakumane ndi matenda. DNA yonse ya vannamei inasindikizidwa mu 2019, ndipo mu 2020 ofufuza a ku Norway ndi ku Colombia anasonyeza kuti njirayi imakweza chiwerengero cha opulumuka WSSV pa m'badwo umodzi wokha. Kukweza, osati kuthetsa: ambiri ankafabe.

Wogulitsa mtundu wopirira ayankhe mafunso awa. Wopirira kachilombo kati? Unayesedwa pa madzi otentha bwanji ndi a mchere wochuluka bwanji? Pa mayesowo, angati anapulumuka poyerekeza ndi mtundu wamba umene unali m'thanki yomweyo? Kodi mbewuyo ndi ya SPF kuwonjezera pa kupirirako? Funso lomalizali ndi lofunika koposa kwa ife, pakuti nyama yopirira ikhoza kunyamula kachilombo osaonetsa chizindikiro. Kumbukiraninso kuti mitundu yambiri yosankhidwa ndi ya vannamei, wochokera kugombe la Pacific ku America, amene si wa m'madzi athu. Kumulowetsa m'dziko kumafuna chilolezo cha boma, ndipo kudutsitsa mbewu pa malire mobisa ndi njira imene matendawa ayendera m'maiko ambiri.

Vuto lachisanu: mbewu yoyamba inali yabwino, ya chaka chachitatu ikufa ndi kamphepo kalikonse

Uku n'kuberekana pachibale. Mlimi wa ku Angónia amadziwa zimene zimachitika akabzala chimanga chochokera m'nkhokwe ya haibulidi wa chaka chatha. Kampani yosankha mbewu imagulitsa makolo ochokera m'mabanja awiri kapena ochepa, osankhidwa kuti ana awo akhale abwino. Koma anawo ndi pachibale onse. Munthu akatenga akuluakulu a m'dziwe lake n'kuwasandutsa makolo, akukweretsa mlongo ndi mlongo wake, ndipo m'badwo umodzi wotere umafikitsa mlingo wa chibale pa 25 peresenti. Katswiri wa za chibadwa wa ku Canada, Roger Doyle, analemba kuti mbewu yokopera chonchi ndi imodzi mwa zifukwa zimene matenda amasakazira maiwe a kamarawu m'maiko otentha. Zizindikiro zake: mazira ochepa kuswa, tiana tosiyana kwambiri msinkhu, ndi kufa msanga madzi akangosintha.

Masamu ake ndi osavuta. Chulukitsani chiwerengero cha aamuna obereka ndi cha aakazi obereka, chulukitsaninso ndi 4, kenako gawani ndi chiwerengero cha onse pamodzi. Yankho ndilo chiwerengero chenicheni cha makolo. Aamuna 25 ndi aakazi 25 amapereka 50, ndipo chibale chimakwera ndi 1 peresenti pa m'badwo, amene ndi malire ovomerezeka. Aamuna 2 ndi aakazi 40 amapereka 7.6 basi, ndipo chibale chimakwera ndi 6.6 peresenti pa m'badwo, ngakhale thanki ikuoneka yodzaza. Kuwerengaku kumagwira ngati makolowo si pachibale poyambira pomwe, ndiponso ngati onse abereka. Wamkazi mmodzi wa kamarawu wa m'nyanja amaikira mazira mazana a masauzande, moti thanki yonse ikhoza kudzaza ndi ana a akazi atatu okha.

Malo ang'onoang'ono opanda makina a DNA angathe kuchita izi: kutenga chiwerengero chofanana cha tiana kwa wamkazi aliyense, kusunga magulu anayi kapena kuposa m'mathanki osiyana, chaka chilichonse kupereka aamuna a gulu loyamba kwa aakazi a lachiwiri, a lachiwiri kwa a lachitatu, mozungulira, ndi kulemba zonse m'buku. Kusankha akuluakulu okhaokha pa dziwe limodzi kumaoneka kwanzeru, koma akuluakuluwo kawirikawiri ndi ana a mayi mmodzi. Amene sangathe zonsezi agule makolo atsopano nthawi iliyonse, ndipo kumeneko si kuwononga ndalama.

Vuto lachisanu ndi chimodzi: mankhwala osakaniza m'chakudya amene akuti ndi katemera

Kamarawu alibe chitetezo chokumbukira matenda chonga cha ng'ombe, nkhuku kapena nsomba, choncho katemera wa mtundu umene tinauzolowera samugwira. Chimene ali nacho ndi njira ya m'maselo yotchedwa RNAi. Selo ikaona RNA ya nthambo ziwiri, imaidula tizidutswa ta zilembo pafupifupi 21, n'kumagwiritsa ntchito tizidutswato pozindikira ndi kuwononga uthenga uliwonse wofanana nato. Ofufuza amapanga RNA yofanana ndi gawo la kachilombo, kawirikawiri gawo lopanga puloteni ya pa chikopa chake yotchedwa VP28, n'kubaya kamarawu. Kuyambira cha m'ma 2005 zaonetsedwa mobwerezabwereza m'labotale kuti obayidwawo amapulumuka ambiri.

Pa dziwe nkhani ndi ina. Chitetezocho chimatha pakapita masiku kapena milungu yochepa, sichisintha DNA ya nyama, ndipo palibe angabaye mmodzimmodzi kamarawu mazana a masauzande. RNA yoikidwa m'chakudya imasungunuka m'madzi, yotsala imagayidwa m'mimba isanafike m'maselo. Akuyesa kuikulunga m'mabakiteriya akufa, mu yisiti ndi mu ndere zazing'ono, ndipo zotsatira zimasiyanasiyana. Pamene kubaya kuli ndi nzeru ndi pa makolo, amene ndi ochepa ndiponso okwera mtengo. Kusintha DNA ya kamarawu ndi njira yodula DNA yotchedwa CRISPR kukadali m'labotale. Mazira ake ndi ovuta kubaya, ndipo maselo a kamarawu okhalitsa m'botolo oyeserapo sanapezeke.

N'zoseketsa kuti kumene RNAi yafikadi pamsika si pa matenda. Gulu la Amir Sagi ku Ben-Gurion University ku Israel linaigwiritsa ntchito pozimitsa kwakanthawi gawo lopangitsa umuna mu kamarawu wa m'madzi opanda mchere, wamwamuna n'kusanduka woikira mazira, ana ake onse n'kubadwa aamuna, amene amakula kuposa aakazi.

Ndiye wina akabwera ndi botolo loti limateteza ku mawanga oyera, apereke chilolezo cha mankhwalawo ndi zotsatira za mayeso a pa dziwe. Maantibayotiki sapha vairasi, amangosiya zotsalira m'nyama zimene zimakanitsa katundu pamsika wakunja.

Za kuno kwathu: kutentha, kamarawu wa mumtsinje, ndi pende

Chigwa cha Zambezi chili ndi mwayi umodzi. Kuyambira Okutobala madzi a m'maiwe a ku Tete, Moatize, Changara ndi Mutarara amatentha kufika pamene WSSV siichulukana bwino. Choopsa ndi kutsika kwadzidzidzi: mvula yoyamba ya mphamvu, masiku atatu a mitambo, ndi usiku wa Juni ndi Julaye. Matenda obisala amabuka nthawi zimenezi. Ikani mbewu moti mukolole chisanu chisanafike, dziwe likhale lakuya mita 1.2 mpaka 1.5 kuti lisazizire msanga, ndipo tiana tikhale milungu yoyamba m'thanki yofunditsidwa ndi pulasitiki. Yezani kutentha m'bandakucha, osati masana okha. Kumtunda kwa Angónia ndi Tsangano madzi amazizira kwambiri m'chisanu, ndipo kamarawu si ulimi wa kumeneko.

Kamarawu wa m'madzi opanda mchere amene amawetedwa kwambiri pa dziko ndi Macrobrachium rosenbergii wa ku Asia, m'bale wa amene asodzi amagwira mu Zambezi. Amakulira m'madzi a mumtsinje, koma mphutsi zake zimafuna madzi a mchere wa magalamu pafupifupi 12 pa lita. Ndiye mbewu kapena madzi ake adzachokera kugombe, ndipo kachilombo kangabwere nazo. Iye WSSV siimupha kwambiri koma amainyamula. Matenda ake enieni ndi a mchira woyera, obwera ndi kachilombo ka RNA kotchedwa MrNV: mnofu wa kumchira kwa tiana umayera ngati mkaka, kuyerako kumafalikira, ndipo thanki ikhoza kutha pa masiku ochepa. Makolo amanyamula osadwala, choncho ayezedwe ndi RT-PCR. Kutentha kwambiri ndi kuchepa kwa mpweya nakonso kumayeretsa mnofu, koma kumeneko kumabwerera pa maola ochepa mukakonza madzi.

Oweta pende m'makola a pa Cahora Bassa ali ndi mdani wawo, kachilombo ka TiLV kamene kanadziwika ku Israel mu 2014 ndipo kanapezekanso mu nyanja ya Victoria. Kwa iwo chibadwa chikulonjeza zambiri: mabungwe ofufuza a WorldFish ndi Roslin Institute anapeza kuti mu mtundu wosankhidwa wa pende wotchedwa GIFT kupirira TiLV kumapita kwambiri kwa ana, ndipo anapeza malo mu DNA, pa chromosome 22, amene ali ndi gawo lalikulu pa kupirirako. Masamu a makolo, a sampulo ndi mafunso a pa chikalata ndi omwewo.

Dziwe likayamba kufa lero

Tsekani polowera ndi potulukira madzi nthawi yomweyo. Kusintha madzi kumatumiza kachilombo kwa mnansi, ndipo kumafooketsa otsala. Chepetsani chakudya, onjezerani mpweya, tolani akufa kangapo pa tsiku, muwakwirire ndi laimu kapena muwatenthe. Neti, zidebe ndi nsapato za dziwe limenelo zisapite kwina. Tengani sampulo kwa amene akufooka koma akadali moyo, osati kwa oola, ndipo dziwitsani alangizi a zausodzi a m'boma lanu ndi a INIP, bungwe la boma loyendera nsomba, pakuti mawanga oyera ali pa mndandanda wa matenda oyenera kunenedwa wa WOAH, bungwe la dziko lonse loona za umoyo wa nyama. Ngati kamarawu wafika pogulitsika, kololani ndi khoka madzi ali momwemo, osakhuthula. Mukatha thirani klorini wosachepera 40 ppm, madzi akhale sabata yathunthu asanatulutsidwe, kenako pansi paume mpaka patang'ambika ming'alu, muthirenso laimu m'malo otsalira chinyezi.

Padzapezeka ochepa opulumuka, ndipo mtima udzati amenewa ndiwo mbewu yolimba. Ku Ecuador anatsata njira imeneyi kwa zaka zambiri, kubereketsa opulumuka a m'maiwe odwala, ndipo anapezadi mitundu yopirira. Koma anachita zimenezi ndi makolo ochuluka zedi, m'dziko limene kachilombo kanali kale paliponse. Opulumuka 30 a pa dziwe limodzi kawirikawiri ndi a mabanja awiri kapena atatu, ambiri anyamula kachilombo, ndipo ena anangochita mwayi. M'chigwa cha Zambezi, kutali ndi nyanja, kuwasunga n'kuweta kachilombo pafupi ndi mtsinje umene uli ndi nkhanu ndi kamarawu wakewake. Aphikidwe, ndipo mbewu yotsatira ichokere kwina, itayezedwa tiana 150.